Yankho la amalume pa funso la kuuka kwa akufa

Eya, mphwanga, ndamva funso lako lija. Wati chibwerereni ku maliro a agogo ku Chingwere mtima sukukhala pansi: thupi tinakwirira lija likawola lidzauka bwanji, ndipo kodi kukayika chonchi ndi tchimo? Ndiyankhira pagulu pompano, chifukwa si iwe wekha, enawa angokhala chete.

La tchimolo ndi lalifupi. Tsegula Mateyu 28 vesi 17. Ophunzira anamuona Yesu atauka kwa akufa paphiri ku Galileya, namulambira, koma ena anakayikabe. Akumuona ndi maso! Tomasi timamunena kwambiri, koma pa Yohane 20 Yesu sanamuthamangitse. Patapita masiku 8 anabwera namuonetsa manja ndi nthiti.

Tsono za thupi. Apa anthu amasokoneza zinthu zitatu. Pali kutsitsimuka, monga Lazaro, amene anagona m'manda masiku 4 natuluka ndi thupi lomwe lija, loti lidzafanso. Pali za mizukwa zimene tinkaopsezana kumudzi. Kuuka kumene mpingo umaphunzitsa si chimodzi mwa ziwirizi. Pa Luka 24 ophunzira anayesa akuona mzukwa, Yesu n'kuwauza kuti amukhudze, pakuti mzimu ulibe mnofu ndi mafupa. Kenako anapempha chakudya, anamupatsa nsomba yootcha, anadya iwo akuona.

Funso lako lenilenilo anthu a ku Korinto anafunsa kale, liri pa 1 Akorinto 15 vesi 35. Paulo anayankha ndi mbewu. Iwe wadzalapo chimanga. Ukafukula phando patatha masabata awiri mvula itagwa, njere ija uipeza yafota, yangotsala khungu, koma mmera uli bwino pamwamba. Phesi silifanana ndi njere, komabe ndi chimanga chomwecho, sichisanduka mapira ayi. Ndiye pa vesi 42 mpaka 44 akuti thupi limafesedwa lovunda, lonyozeka, lofooka, ndipo lidzauka losavunda, laulemerero, lamphamvu. Kuwolako sikulepheretsa kanthu. Ngakhale amene anamira pa Kariba osapezeka, Chivumbulutso 20 vesi 13 chikuti nyanja idzapereka akufa ake.

Chochita ndi ichi. Werenga 1 Akorinto chaputala 15 chonsecho nthawi imodzi, ndi mavesi 58 okha. Kalatayi inalembedwa cha m'chaka cha 55 AD, zaka zoposa 20 pang'ono Yesu atapachikidwa, ndipo Paulo akutchula mboni zimene zinaona Yesu atauka: Kefa (ndiye Petro), ophunzira khumi ndi awiri aja, abale oposa 500 nthawi imodzi, Yakobo. Akuti ambiri mwa 500 aja anali akali moyo, kutanthauza kuti wokayika akanatha kukawafunsa.

Ukatero, uike pamodzi Mateyu 28, Marko 16, Luka 24 ndi Yohane 20. Ndikuchenjezeretu, apa ndi pamene achinyamata ambiri amapunthwa, chifukwa palibe anawauza. Nkhani za kuuka kwa Yesuzi sizifanana ndendende. Mateyu akutchula amayi awiri ndi mngelo mmodzi, Marko amayi atatu ndi mnyamata wovala zoyera, Luka amuna awiri a zovala zonyezimira, Yohane akuyamba ndi Mariya wa Magadala yekha. Koma onse anayi akugwirizana kuti linali tsiku loyamba la sabata, mamawa, manda anali opanda mtembo, ndipo Mariya wa Magadala analipo. Kuona kwanga, mboni zikamalankhula mofanana liwu ndi liwu pabwalo la milandu, m'pamene mfumu imayamba kuganiza kuti zapangana.

Osathamangira aneneri a pa Facebook oti akuukitsa akufa, izo zingokuwonjezera chikayiko. Pita kwa abusa kapena akulu a mpingo kwanu ku Matero ndi mavesi olemba papepala. Ngati kupemphera kukukanika, bwereka pemphero la bambo uja wa pa Marko 9 vesi 24, amene anati akukhulupirira koma amuthandize pa kusakhulupirira kwake.

Ukawerenga unditumizire vesi imene yakuvuta. Upereke moni kwa mayi ako, uwauze ndibwera Loweruka.