Zoti ku Samoa kunenepa ndi kukongola, zinalidi choncho koma pano zasokonekera

Achimwene mwafunsa kuti kodi nzoona anthu a ku Samoa amaona wonenepa ngati wokongola ndiye nchifukwa chake amakula matupi chonchija. Ndiyankheko poti kuno ku South Auckland, m'dziko la New Zealand, aneba anga ndi ochokera ku Upolu, chilumba cha ku Samoa, timadyera limodzi nthawi zambiri.

Kale inde, thupi lalikulu limasonyeza kuti banja lako limakusamala, makamaka ukakhala mfumu amene iwo amati matai. Koma afunseni atsikana a pano, ambiri akufuna kuchepa. Katswiri wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Alexandra Brewis, mu 1998 anapeza kuti a ku Samoa ndi a ku Auckland omwe amasilira thupi locheperapo kuposa lawo koma wonenepa samamunyoza ayi, pofika 2011 atafunsa ku American Samoa anapeza kunyozana kwalowa ndithu, wonenepa akuoneka ngati waulesi. Apa ndi pomwe pamandiwawa ine, chifukwa maganizo asintha koma chakudya cha patebulo sichinasinthe, ndiye munthu wasenza thupi wasenzanso manyazi.

Mudzaone Lamlungu akaweruka ku tchalitchi, pa chakudya chomwe amati to'ona'i, pali koko, masamba a koko ophikira mkaka wa kokonati, nkhumba, ndi nyama ya m'chitini ija amati pisupo, mbale ikangochepa mayi akuwonjezera osafunsa, ndipo kukana ndi chipongwe chachikulu. Mwana wa aneba wanga amadzuka 5 koloko kupita ku jimu koma Lamlungu sangawauze agogo ake kuti basi ndakhuta, amangodya maso ali pansi.

Komanso si mwambo wokha. Michira ya nkhukundembo yamafuta okhaokha imachokera ku America, nthiti za nkhosa ku New Zealand, zotchipa kuposa nsomba. Boma la Samoa linaletsa michirayo mu 2007 koma litalowa m'bungwe la zamalonda la dziko lonse, WTO, mu 2012 linakakamizika kuchotsa chiletsocho. Mu 2016 asayansi anapezanso kuti ambiri kumeneko ali ndi mtundu wina wa jini (chibadwa chotengera kwa makolo) yotchedwa CREBRF womwe umawonjezera mwayi wokula thupi, ndiye musamafulumire kunena kuti ndi dyera.

Chomwe akuopa azimayi akuluakulu si kukongola ayi, ndi shuga ndi impso. Agogo aja amapita ku dayalisisi (kukasefetsa magazi pa makina) katatu pa sabata, koma mdzukulu akawonda pang'ono amamugwira mkono nkufunsa kuti akudwala chani.