Tikiti Yapamsewu Ikasowa ku Orlando

Mayi, mwafunsa za tikiti imene apolisi anakupatsani ku Orlando chifukwa chothamangitsa galimoto, pepala lake n'kusowa. Ku Florida, chigawo cha dziko la America kumene kuli mzinda wa Orlando, milandu yotereyi imasungidwa ndi kalaliki wa khoti la dera limene munagwidwira, choncho fufuzani dzina lanu pa webusaiti ya Orange County Clerk of Courts, ofesi ya kalaliki wa khoti la dera limene muli Orlando, pasanathe masiku 30 chilandirireni tikitiyo. Komatu musathamangire kulipira, chifukwa kutero n'kuvomera mlandu, ndipo mudzalembedwa pa laisensi yanu mapointi a chilango 3, kapena 4 ngati munapyola liwiro lovomerezeka ndi mamailosi oposa 15 pa ola. Akakwana 12 m'miyezi 12, laisensi imaimitsidwa masiku 30. Ineyo ndikanasankha maphunziro a maola 4 otchedwa Basic Driver Improvement, amene amapewetsa mapointiwo ngakhale kuti chindapusa chimalipiridwabe.