Yankho kwa mayi amene tsamba la nkhani lawanamizira kudya ndalama za maliro

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndiyambe ndi kukupepesani pa zimene zakugwerani. Mwandiuza kuti ndinu msungichuma wa bungwe lothandizana pa maliro la anthu akwathu ku Mufakose, mumzinda wa Harare kuno ku Zimbabwe, ndi kuti milungu itatu yapitayo tsamba lina la nkhani pa Facebook linalemba kuti munadya ndalama zimene anthu anasonkha kuti thupi la membala wina likaikidwe kwawo ku Dedza. Anaikapo dzina lanu lonse ndi chithunzi chimene anachitenga pa WhatsApp, osakufunsani mbali yanu, ndipo tsopano mukafika pa tchalitchi amayi anzanu amaleka kulankhula mpaka mutadutsa. Mukufunsa ngati mtolankhaniyo angamangidwe, ndiponso njira imene dzina lanu lingayeretsedwere.

Za kumangidwazo ndi zimene mtima wanu ukufunitsitsa, choncho ndiyambe nazo. Kale kuipitsa mbiri ya munthu unali mlandu wa upandu pansi pa gawo 96 la Criminal Law (Codification and Reform) Act, koma mu 2014 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti gawolo likuphwanya ufulu wolankhula, pa mlandu wokhudza Nevanji Madanhire, yemwe anali mkonzi wa nyuzipepala ya The Standard, ndi mtolankhani wake Nqaba Matshazi. Mu 2016 khoti lomwelo linatsimikiza kuti gawolo silikugwiranso ntchito. Ndiye chifukwa chake wapolisi amene munamupeza pa kauntala anakuuzani kuti nkhaniyi ndi ya pakati pa inu ndi amene analemba.

Komabe pali lamulo lina latsopano limene muyenera kulidziwa. Mu 2021 lamulo la Cyber and Data Protection Act linawonjezera gawo 164C m'malamulo a upandu, ndipo gawoli likunena kuti munthu amene afalitsa uthenga wonena za munthu wotchulidwa dzina kapena amene angazindikirike, kudzera pa kompyuta kapena pa foni, akudziwa kuti ndi wabodza, ndi cholinga chomuvulaza m'maganizo kapena pa chuma, akhoza kulipira chindapusa kapena kukhala kundende mpaka zaka 5. Muli ndi ufulu wokadandaula ku polisi potchula gawo limeneli. Koma ndikuuzeni moona mtima kuti boma liyenera kutsimikiza popanda chikayiko kuti wolembayo ankadziwa kuti akunama, ndipo ngati iye anangomva kwa membala wina wokwiya n'kulemba osafufuza, umboni wotere ndi wovuta kuupeza. Kuwonjezera apo, ngakhale atamangidwa, nkhaniyo ikhoza kukhalabe pa tsambalo, ndipo chindapusacho chimapita ku boma, osati kwa inu. Kwa ine, njira imene ikugwirizana ndi chimene mwataya ndi mlandu woti mumusumire nokha.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 amateteza ufulu wa atolankhani m'gawo 61, koma gawo lomwelo likunena momveka kuti ufuluwo suphatikizapo kuwononga mwadala mbiri kapena ulemu wa munthu, kapena kulowerera zachinsinsi zake popanda chifukwa. Gawo 51 likuteteza ulemu wa munthu ndipo gawo 57 likuteteza zachinsinsi. Mwalemba kuti mukuopa kupita ku khoti chifukwa chitupa chanu chakale chili ndi mawu akuti alien, kutanthauza mlendo. Musaope konse, pakuti magawo amenewa akunena za munthu aliyense, osati nzika zokha. Ndipo ngati munabadwira kuno malamulowa asanayambe kugwira ntchito, mmodzi wa makolo anu ali nzika ya Malawi, ndipo munali kukhala kuno pa nthawiyo, gawo 43 likukuwerengani ngati nzika yobadwira m'dziko muno.

Pa mlandu woipitsa mbiri, inu muyenera kuonetsa kuti mawuwo anafalitsidwa kwa anthu ena, kuti akunena za inu, ndi kuti ndi mawu otsitsa munthu pamaso pa anthu oganiza bwino. Kunena kuti msungichuma anadya ndalama za maliro ndi kumutcha wakuba, ndipo sindikuona woweruza amene angakayike pamenepo. Mukaonetsa zimenezi, lamulo limaganiza kuti wolembayo analakwa, ndipo udindo umakhala kwa iye kuti adziteteze. Akhoza kunena kuti zimene analemba ndi zoona ndipo zinali zothandiza anthu kuzidziwa, kapena kuti anangopereka maganizo ake pa mfundo zoona, kapena kuti ankafotokoza mosakondera zimene zinanenedwa pamalo ngati khoti.

Chitetezo choyambacho ndicho chimene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa mlandu wanu udzaima kapena kugwa pa buku la bungwe. Ndalama zosonkhedwa ndi anthu ambiri ndi nkhani imene khoti lingaione kuti anthu ali ndi chifukwa choidziwira, kotero funso lidzakhala lakuti kodi ndalamazo zinapita kuti. Mwanena kuti muli ndi buku lachikuto chakuda limene mumalembamo dzina la wosonkha aliyense, tsiku ndi ndalama yake, ndiponso malisiti a kampani ya maliro ndi a galimoto imene inanyamula thupi kudzera pa chipata cha m'malire cha Nyamapanda. Buku limenelo lisungeni monga liliri. Musafufute kanthu, musawonjezere tsiku limene munaiwala kulemba, ndipo musakopere m'buku latsopano pofuna kuti lioneke laukhondo, chifukwa loya wa mbali inayo akadzaona inki yatsopano pa tsamba lakale adzaima pomwepo tsiku lonse. Ngati pali ndalama imene munapereka pamanja popanda lisiti, monga ya chakudya cha anamfedwa panjira, lembani papepala lapadera amene anailandira ndi amene analipo. Ngati pali pena pamene masamu sakugwirizana, muuzeni loya wanu poyamba, iye asadzamvere m'khoti.

Lero lomwe, musanachite china chilichonse, jambulani nkhaniyo monga ikuonekera pa foni, kuti dzina la tsambalo, tsiku, chithunzi chanu ndi ndemanga za anthu zioneke, ndipo sungani adiresi yake ya pa intaneti. Eni masamba otere amafufuta msanga akamva za loya. Pemphani anthu awiri kapena atatu amene anailandira m'magulu a WhatsApp kuti asaifufute, ndipo afunseni ngati angavomere kukhala mboni. Inuyo musayankhe ndi kutukwana pa tsambalo, ndipo muwaletsenso ana anu, chifukwa mawu a mkwiyo akhoza kutembenuka kukhala mlandu wanu.

Chotsatira ndi kalata ya loya yopita kwa wolemba, mkonzi ndi mwini tsamba, yofuna kuti achotse nkhaniyo, alembe kuti inali yabodza, apepese pamalo pomwe anaiika, ndipo achite zimenezi m'masiku amene kalatayo yatchula. Nkhani zambiri zotere zimathera pamenepa, ndipo kwa munthu ngati inu, kupepesa kumene amayi a ku tchalitchi angakuwerenge pa foni zawo sabata yamawa kukhoza kuposa ndalama zobwera patapita zaka. Mukhozanso kukadandaula ku Zimbabwe Media Commission, imene gawo 249 la malamulo oyendetsera dziko likuipatsa udindo wolandira madandaulo a anthu okhudza atolankhani, kapena ku Voluntary Media Council of Zimbabwe, bungwe limene atolankhani anakhazikitsa okha mu 2007 ndipo lili ndi komiti yomva madandaulo. Mabungwe amenewa amathandiza kwambiri ngati tsambalo ndi la atolankhani odziwika. Ngati ndi la munthu wobisala kuseri kwa dzina lopeka, ntchito yoyamba idzakhala kupeza kuti iye ndani, chifukwa samani imapita kwa munthu kapena kampani yokhala ndi dzina ndi malo.

Akakana, ndiye kusuma. Khoti la milandu ing'onoing'ono silimva milandu yoipitsa mbiri, kotero mudzapita kwa majisitireti kapena ku High Court, malinga ndi kuchuluka kwa chipukutamisozi chimene mukufuna. Ku High Court, amene walandira samani amakhala ndi masiku 10 ogwira ntchito oti adziwitse khoti kuti adziteteza, ndipo akapanda kutero mukhoza kupempha chigamulo iye palibe. Akayankha, mbali zonse zimasinthana zikalata, kenako mumakumana pamaso pa woweruza kuti aone ngati mungagwirizane mlandu usanazengedwe. Loya wanu akhozanso kupempha lamulo la khoti lokakamiza kuti nkhaniyo ichotsedwe. M'samanimo mawu enieni amene analembedwa ayenera kutchulidwa, ndipo ngati anali m'Chishona kapena m'Chichewa ayenera kumasuliridwa m'Chingerezi mosamala. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'gawo 6 la malamulo oyendetsera dziko, choncho ngati mukufuna kupereka umboni m'chilankhulo chanu, nenani msanga kuti womasulira akonzedwe.

Poyesa chipukutamisozi, woweruza amaona kukula kwa bodzalo, kuchuluka kwa anthu amene linawafikira, udindo wanu pakati pa anthu, ndiponso ngati wolakwayo anapepesa kapena anaumirira. Makhoti a kuno sakonda kupereka ndalama zochuluka pa milandu imeneyi, ndipo amene wagonja kawirikawiri amalamulidwa kulipira gawo la ndalama zimene mnzake wawononga pa mlandu. Ndikunena izi kuti musagulitse katundu wanu poyembekezera chuma. Ngati ndalama ya loya ikuvuta, funsani ku Legal Aid Directorate kapena ku Legal Resources Foundation ngati angakuthandizeni.

Mwafunsanso za mayi amene anatumiza nkhaniyo ku gulu la tchalitchi. M'malamulo, wobwereza mawu oipitsa mbiri amawerengedwa kuti wawafalitsanso, ndipo kunena kuti anangotumiza zimene analandira sikumuchotsera mlandu. Komabe ndi munthu amene mudzakumana naye pa maliro ena onse a kuderako, ndipo ine ndingakonde kuti akuluakulu a bungwe amuitane, aone buku lija ndi maso ake, kenako alembe m'gulu lomwelo kuti analakwitsa.

Lamulo la Prescription Act likukupatsani zaka 3 zoti musume, kuwerengera pamene munadziwa za nkhaniyo ndi amene anaifalitsa, koma musadikire kufikira pamenepo, pakuti mafoni amatayika ndipo mboni zimasamuka. Pokaonana ndi loya sabata ino, tengani buku, malisiti, zithunzi za nkhaniyo, malamulo a bungwe lanu, ndi maminitsi a msonkhano umene munaperekapo lipoti la ndalama za malirowo.