Madzulo a pa 24 Disembala ku Britain: tichite chiyani ndi ana?

Mayi wina wa ku Leeds wandilembera. Ali ndi ana awiri, wa zaka 5 ndi wa zaka 9, ndipo ino ndi Khrisimasi yawo yachiwiri kunja. Anawo akumabwera kusukulu ndi nkhani za anzawo amene amalandira bokosi la mphatso pa 24, banja lonse n'kuvala zovala zogonera zofanana. Funso lawo ndi lakuti, ndi ndalama zochepa, iwowo angachite chiyani usiku umenewu kuti ana aziukumbukira.

Achemwali, bokosilo musagule. Ndikunena poyambirira chifukwa likangolowa m'nyumba chaka chino, chaka chamawa ana alifuna lalikulupo, ndipo mudzapezeka mukugula mphatso kawiri, za pa 24 ndi za pa 25. Zovala zofananazo amazivala usiku umodzi, n'kujambulitsa chithunzi cha pa Facebook, chaka chamawa zawathina. Mwana wa zaka 5 sakhala msinkhu umodzi miyezi 12. Zimenezi n'zamalonda, zinayamba dzulodzuloli, ndipo agogo ambiri a ku England komweko sanakule nazo.

Vuto lenileni la tsikuli ndi mdima. Ku Leeds dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo silitulukanso mpaka 8 koloko itadutsa m'mawa. Kwathu pa 24 mwana amaswera panja, mango ali m'manja, akuthamangitsa nkhuku ya mawa, akuzemberazembera chikwama chomwe abisamo diresi yatsopano. Pofika madzulo watopa yekha. Uko muli naye m'nyumba maola anayi kapena asanu, kunja kukuzizira, mtima wake uli dyokodyoko. Mukapanda kumupatsa chogwira, agwira foni yanu. Ndiye chimene mukufuna ndi ntchito ya manja imene ana angaigwire nanu limodzi, yoti chaka chilichonse izichitika mofanana, pa nthawi yomweyo.

Mitundu ya anthu a kozizira inazindikira kale zimenezi. Anthu a ku Poland, amene ali ambiri ndithu ku Britain, sayamba kudya mpaka ana ataona nyenyezi yoyamba. Amakonza mitundu 12 ya zakudya zopanda nyama, n'kusiya mpando umodzi ndi mbale yake kuti mwina kubwera mlendo. Ku Iceland amapatsana mabuku n'kumawerenga usiku womwewo. Onani kuti mwana woima pawindo kudikira nyenyezi sanawonongetse ndalama iliyonse. Za mbale ya mlendozi ife sitifunika kuchita kuphunzitsidwa, koma m'nyumba za lendi zakunjaku timaiwala. Pali wophunzira wachimalawi kapena wogwira ntchito yosamalira okalamba amene usiku umenewu akhala yekha m'chipinda. Muitaneni.

Ine ndikuti kazingani mandasi. Tengani ufa wa tirigu magalamu 500, shuga magalamu 100, kapaketi kamodzi ka yisiti ka magalamu 7, mchere theka la sipuni yaing'ono, majarini masipuni awiri aakulu, ndi mkaka wofunda mamililita pafupifupi 300. Mkakawo ukhale woti chala chikhalamo osapsa. Ukatentha kwambiri umapha yisiti ndipo mtanda sufufuma ngakhale mudikire mpaka m'mawa. Kandani mphindi khumi mpaka mtandawo usiye kumata m'manja. Ntchito imeneyi ndi ya wa zaka 9 uja. Apa ndi pamene kuzizira kumavutitsa: kwathu mtanda umafufuma pa ola limodzi, koma m'khitchini yozizira ya Disembala ukhoza kutenga maola awiri. Vindikirani mbale ndi kansalu konyowa, muiike pafupi ndi hita, osati pamwamba pake, chifukwa pansi pamayamba kupsa pamwamba pasanafufume. Ukawirikiza kukula kwake, wamng'onoyo aumbe timipira tonga dzira, tikhalenso mphindi 15. Mafuta akhale pakati pa madigiri 170 ndi 180; ngati mulibe choyezera, ponyani kachidutswa ka mtanda, kakwere pamwamba pang'onopang'ono kakuchita thovu. Kakada nthawi yomweyo, mafuta apsa, ndipo mandasi adzafiira kunja m'kati muli muwisi. Kakakhala pansi osakwera, mafuta sanatenthe ndipo mandasi adzamwa mafuta. Musaponye oposa asanu nthawi imodzi. Pokazinga ana atuluke m'khitchini, chitseko mutseke, windo mutsegule pang'ono, apo ayi alamu ya utsi ilira nyumba yonse. Mupeza mandasi 20 kapena kuposerapo, okwanira usikuwo ndi tiyi wa m'mawa.

Pamene mtanda ukufufuma, konzani nkhuku ya mawa. Ndipo pano ndilankhule mosabisa: nkhukundembo, imene anthu ambiri a ku Britain amadya pa Khrisimasi, siyofunika pa banja la anthu anayi. Ndi yodula, ndi yaikulu, pachifuwa pake pamauma, ndipo yozizira mufiriza imafuna maola 10 mpaka 12 pa kilogalamu iliyonse kuti isungunuke mufiriji. Ya makilogalamu 5 ndiye kuti masiku awiri ndi kanthu. Woikumbukira madzulo a pa 24 wachedwa kale. Pitani kumasitolo a Aafirika kapena a halal mukafunse hard chicken, yomwe imayandikira nkhuku yachikuda. Iduleni, muipake mchere, adyo, jinja ndi madzi a ndimu imodzi, igone mufiriji m'mbale yovindikira, pa shelefu yapansi kuti madzi ake asadonthere zakudya zina. Mawa imafuna kuwira ola limodzi ndi theka kapena awiri musanaikazinge n'kuthira anyezi ndi tomato. Nkhuku wamba ya m'supamaketi mukaiwiritsa chonchi imangosasuka. Mpunga, mafuta, tomato, magetsi ngati mita yanu ndi yogulira, zonse zigulidwe pofika pa 23. Pa 24 masitolo amatseka msanga, ndipo pa 25 masitolo akuluakulu ku England ndi Wales amatsekedwa mwalamulo kuyambira 2004.

Kutchalitchi

Misa ya pakati pa usiku ndi ana aang'ono m'chisanu ndi chintchito. Mabasi ndi sitima zimasiya kuyenda msanga, pa 25 zambiri siziyenda n'komwe, ndipo takisi imakwera mtengo. Matchalitchi ambiri amakhala ndi mapemphero a ana cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana. Ena amachita Christingle, mwambo umene unayambira mu mpingo wa Moravian ku Germany mu 1747 n'kufalikira mu Church of England kuyambira 1968. Mungathe kupanga kunyumba: lalanje kuimira dziko, kariboni kofiira kozungulira pakati kuimira magazi a Khristu, kandulo pamwamba kuimira kuwala kwake, ndi timitengo tinayi tobayapo mphesa zouma kapena maswiti kuimira zokolola. Dulani pang'ono pansi pa lalanje kuti liime, ndipo kulungani tsinde la kandulo ndi foyilo kuti phula lisatsikire m'manja. Tsitsi la mwana wamkazi limangidwe kumbuyo, makamaka ngati lili ndi mesh, yomwe sichedwa kugwira moto. Ngati simutuluka, 3 koloko tsegulani BBC Radio 4. Amaulutsa nyimbo ndi mawerengo kuchokera ku King's College ku Cambridge, mwambo umene unayamba mu 1918. Zimamveka bwino manja ali mu ufa.

Foni ya kumudzi

Malawi ali patsogolo ndi maola awiri nyengo imeneyi. Mukaimba 8 koloko, agogo kumudzi ndi 10 koloko ndipo anagona kale. Imbani 5 koloko. Atumizireni ya bandulo pa 22, muwauze ola lake, foni aitchajiretu masana, poti ndi dzinja ndipo mvula ikagwa magetsi sakhulupirika. Netiweki ikamadukaduka, zimitsani vidiyo, mawu okha amadutsa. Ndipo musangopatsa mwana foni n'kunena kuti apereke moni. Atero "muli bwanji agogo" n'kukhala chete, inu n'kuchita manyazi. Konzani chochita: agogo aimbe nyimbo imodzi ya Khrisimasi ya kutchalitchi kwawo, ana azivomera, nyimbo yomweyo chaka ndi chaka. Kapena anene nthano imodzi, ana aziti "tili tonse". Makolo ena amadandaula kuti ana akuiwala Chichewa koma amachilankhula pokalipa pokha. Mwana angachikonde bwanji?

Mukatha kudya, wa zaka 9 awerenge Luka 2, ndime 1 mpaka 20, m'Chingelezi, inu mubwereze m'Chichewa ndime zochepa zokha za abusa aja. Za Father Christmas musalimbane nazo. Anzawo amamusiyira mince pie (kakeke ka zipatso zouma) ndi karoti asanagone. Anu asiye mandasi awiri pa mbale, ndipo musaiwale kulumako asanadzuke. M'sokosi ya mphatso, imene ana amaipachika asanagone, muikemo lalanje, chokoleti ndi kanthu kamodzi kakang'ono, basi.

Ngati shifiti yanu yagwera pa 24, chitani zonsezi pa 23. Ana sawerenga kalendala ngati mandasi alipo. Dongosolo la pa 24 ndi ili: mtanda 2 koloko, tchalitchi kapena wailesi 3 koloko, foni 5 koloko, kukazinga 6 koloko, Luka ndi sokosi, 8 koloko ana ali m'bulangeti. Chaka choyamba sankhani ziwiri zokha, mandasi ndi foni, zinazo muziwonjezera ana akazifunsa.