Funsani Azakhali: Tinamuika pa Facebook, kodi tinalakwa?

Azakhali,

Ndine mayi wogulitsa nanazi pa Chitakale ku Mulanje. Msungichuma wa banki mkhonde yathu anadya K350,000 yoti tigawane mu Disembala. Titatopa ndi "mawamawa" wake, mnzathu wina anaika chithunzi chake pa Facebook n'kulemba kuti "mbava iyi". Anthu anamutukwana koopsa, ena mpaka kunyoza nkhope yake. Pano mwana wake wa Sitandade 6 wasiya sukulu poti anzake akumutcha mwana wa mbava. Mtima wanga sukukhazikika, komatu ndalamazo anadyadi. Kodi tinalakwa?

Mayi wodandaula, Mulanje

Mayi,

Ndalamazo n'zanu ndipo abweze, pamenepo palibe zokambirana. Thukuta la nanazi si lamasewera.

Koma tandiuzani, mwa onse anatukwana aja, alipo anakutumizirani ngakhale K500 pa Airtel Money? Iwo anangopezapo chosekera, mawa lake ali pa nkhani ina. Inu ndalama simunaione, amene walipira ndi mwana woti sanadyepo ngakhale tambala.

Kubwalo la amfumu woimbidwa mlandu amaimirira n'kuyankha, abale ake ali pompo. Akagamulidwa n'kulipira, amfumu amati yatha, ndipo imathadi. Pa Facebook ndani anganene kuti yatha? Munthu ali ku Johannesburg, sadziwa n'komwe kuti Chitakale ili kuti, koma nayenso waponya mwala wake. Msungichumayo adzabweza zonse, chithunzi chija chikuyendabe m'magulu a WhatsApp popanda wolembapo kuti analipira. Chimene ine chimandinyansa n'chimenecho.

Ndiponso inu a ku Mulanje mukudziwa kumene khamu limathera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'dera lanu lomwelo, popanda wofunsa umboni. Wanuyu mwina analakwadi, koma otukwanawo sanaone buku la gulu lanu. Akanatukwana chimodzimodzi chikhala kuti munaika chithunzi cha munthu wosalakwa.

Dziwaninso kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa intaneti, ndipo anthu amamangidwa nalo. Mnzanu uja akhoza kupezeka kupolisi asanalandire n'kobiri lomwe.

Muuzeni achotse chithunzicho lero. Kenako tengani buku la gulu, pamene aliyense anasaina, mupite nalo kwa amfumu pamodzi ndi msungichumayo. Alembe kuti azibweza zingati pamwezi, mboni zisaine. Akazemba, pitani kupolisi kapena kukhoti la majisitireti, mlandu suola. Akayamba kubweza, yemwe anaika chithunzi uja alembe pomwepo kuti nkhani ikukonzedwa, ngakhale owerenga adzakhala ochepa poti za mtendere sizikoma pa foni.

Za mwanayo musadikire amfumu. Inuyo ndi mnzanu mmodzi kaonaneni ndi aphunzitsi ake sabata ino, akalankhule ndi ana a m'kalasimo kuti abwerere kusukulu mayeso asanafike.

Azakhali