Asidi wa m'nyanja zamchere ndi tizamoyo tokoka nayitrojeni mumpweya

Mphunzitsi wina wa sayansi pa sukulu ya sekondale ku Nkhotakota wanditumizira imelo yokhala ndi funso limene ophunzira ake anamupanikiza nalo. Iye akuti anawerenga zoti asidi akuchuluka m'madzi a nyanja zamchere, ndipo kwina alemba kuti tizamoyo tokoka nayitrojeni mumpweya tikupindula nazo, pamene kwina alemba kuti tikuvutika. Akufuna kudziwa zoona zake, komanso ngati nkhaniyi ikukhudza nyanja yathu ya Malawi.

Aphunzitsi, ndikupemphani kuti muyambire kumunda, chifukwa mwana aliyense wa ku Nkhotakota kapena kuno ku Salima anazulapo mtedza kapena soya n'kuona timibulu ta pa mizu. M'timibulu timeneto mumakhala mabakiteriya amene amatenga nayitrojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu, n'chifukwa chake chimanga chimachita bwino pamalo pamene munali mtedza chaka chatha. Mpweya umene timapumawu uli ndi nayitrojeni wokwana magawo 78 pa 100 alionse, koma zomera ndi nyama sizingathe kumugwiritsa ntchito ali choncho. Pakati pa nyanja zamchere za kumadera otentha, kutali ndi mitsinje yobweretsa chonde, ntchito ya mtedzayi imagwiridwa ndi tizamoyo toyandama, ndipo kodziwika kwambiri ndi Trichodesmium, kamene kakaswana kamayala pamadzi ngati utuchi wa matabwa. Amalinyero a James Cook, woyenda panyanja wa ku Britain, anaona utuchi umenewu kufupi ndi Australia m'chaka cha 1770. Nayitrojeni amene tizamoyoti timakonza amadyetsa ndere zosaoneka ndi maso, nderezo zimadyedwa ndi tinyama ting'onoting'ono, ndipo tinyamato ndi ndiwo ya nsomba.

Za asidi n'zosavuta kufotokoza. Mafakitale asanayambe, mpweya wa carbon dioxide unali pafupifupi magawo 280 pa miliyoni, ndipo lero wadutsa 420. Nyanja zamchere zimamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya umene anthu amatulutsa, ndipo ukasungunuka m'madzi umapanga asidi wofooka. Motero pH ya madzi apamwamba, muyeso umene umatsika asidi akamachuluka, yatsika kuchoka pa 8.2 kufika pa 8.1, kusintha kooneka kochepa pa pepala, koma kotanthauza kuti asidi wawonjezeka ndi magawo oyandikira 30 pa 100. Madziwo sanafike powawasa ngati bwemba ayi, angoyamba kupendekera mbali imeneyo.

Kusiyana kwa zimene munawerengazo kukuchokera pa mfundo yakuti mpweya umodzi womwewo ukuchita zinthu ziwiri zotsutsana m'thupi mwa kachamoyo kamodzi. Trichodesmium imadzipangira chakudya ndi dzuwa monga chomera, ndipo imawononga mphamvu zambiri posonkhanitsa carbon dioxide kuchokera m'madzi. Mpweyawo ukachuluka, mphamvu zina zimapulumuka. M'chaka cha 2007 magulu angapo a asayansi, limodzi lotsogozedwa ndi David Hutchins, anapeza kuti tizamoyoti tikaleredwa m'mabotolo a carbon dioxide wambiri timakula msanga ndi kukoka nayitrojeni wochuluka. Koma mu 2017 gulu la Dalin Shi la ku yunivesite ya Xiamen ku China linafalitsa zotsatira zina m'magazini ya Science. Iwo anasiyanitsa zinthu ziwirizo, n'kupeza kuti phindu la carbon dioxide lilipodi koma n'lochepa, pamene kutsika kwa pH kumafooketsa nitrogenase, imene ndi enzaimu, kapena kuti chida cha m'thupi mwa kachamoyoko chodulira nayitrojeni wa mumpweya. Kachamoyoko kamakakamizika kupanga nitrogenase wambiri kuti kagwire ntchito yomweyo, komanso kamataya mphamvu poteteza m'kati mwake ku asidi. Anatinso madzi olereramo tizamoyoti m'kafukufuku wina wakale ayenera kuti anali ndi tizidutswa ta kopa ndi amoniya, zimene ululu wake umachepa asidi akachuluka, kotero kuti chimene chinkaoneka ngati phindu chinali kungopepukidwa ku poizoni. Ena mwa asayansi oyambawo anatsutsa zimenezi poyera, ndipo mkanganowo ndi umene inu mwaupeza.

Mmene ine ndikuonera, chimene muyenera kutsindika m'kalasi ndi ayironi. Nitrogenase imafuna ayironi wambiri, ndipo pakati pa nyanja ayironi ndi wosowa kwambiri; wochuluka amabwera ndi fumbi louluka kuchokera kumtunda, monga la m'chipululu cha Sahara limene limagwera mu Atlantic. Kumene ayironi alipo, kachamoyoko kangathe kupanga nitrogenase wowonjezera n'kupirira. Kumene kulibe, monga m'madera ambiri a Pacific, kayenera kulanda ayironi wa ntchito zina za m'thupi mwake, ndipo pamenepo ndi pamene asidi amapweteka kwambiri. Mlimi wa mpunga ku Nkhotakota angamvetse msanga: kuthira feteleza m'munda wopanda madzi sikubweretsa zokolola. Ndikuvomereza kuti mbali imeneyi imandidetsa nkhawa, chifukwa asodzi a m'mphepete mwa nyanja ya Indian, ku Mozambique ndi Tanzania, amadalira nsomba zimene chakudya chake chimayambira pa tizamoyo ngati timeneti.

Nyanja yathu nayonso ili ndi tizamoyo tokoka nayitrojeni, makamaka Anabaena, imene imaswana mwera ukaleka, m'nyengo yotentha ndi ya mvula, madzi apamwamba akakhala bata. Ntchito yake ndi yofunika chifukwa madzi akuya kuposa mamita pafupifupi 250 alibe okosijeni, ndipo pamalire a madzi amenewo nayitrojeni wambiri amabwerera mumpweya. Komabe musawauze ana kuti zimene zinapezeka pa Trichodesmium zikuchitikanso pa Senga Bay kapena pa Chia, pakuti madzi opanda mchere ali ndi kapangidwe kena ndipo tizamoyo take ndi ta mtundu wina. Chimene chikusintha chakudya cha usipa ndi utaka moonekeratu ndi dothi ndi feteleza zimene mitsinje ya Bua, Dwangwa ndi Linthipe imakokolola kuchokera m'minda ya kumtunda. Mvula yoyamba ikagwa, atengeni ophunzirawo kumathiriro a Bua akaone okha mmene madzi ofiira amalowera m'nyanja.