Ma ARV ndikumwa bwinobwino, nanga mtimawu walemera chifukwa chiyani?

Mayi wina wokhala ku Cosmo City, kuno ku Johannesburg, wanditumizira imelo. Wakhala pa ma ARV zaka zingapo ndipo anesi amamuyamikira kuti kachilombo sikakuonekanso m'magazi. Koma kwa miyezi tsopano amadzidzimuka pakati pa usiku osagonanso, nsima sakuifuna, ana akaimba foni kumudzi amangoiyang'ana mpaka idule yokha. Kutchalitchi anamuuza kuti chikhulupiriro chachepa. Funso lake ndi lakuti, "Kodi si mankhwalawa andisokoneza mutu? Ndisiye kaye?"

Achemwali, musasiye. Mukasiya, kachilombo kamayamba kuchulukanso pakangopita masabata ochepa, ndipo kakhoza kupima moti mankhwala omwewo osadzagwiranso ntchito. Mavuto akhala awiri.

Komatu funso lanu si lopepera. Mapiritsi amene ambiri ankamwa kale anali ndi efavirenz, ndipo ameneyu amadziwika: maloto oopsa, chizungulire, kwa ena kukhumudwa kwenikweni. Kuyambira kumapeto kwa 2019 South Africa inayamba kusinthira anthu ku mapiritsi ena otchedwa TLD, mmene muli dolutegravir. Ameneyu savuta kwambiri, ngakhale ena amawasowetsa tulo, n'chifukwa chake anesi amati imwani m'mawa. Onani dzina pa botolo lanu, mukafunse. Kusintha mankhwala ndi ntchito ya kuchipatala, osati ya mnzanu wa pa WhatsApp.

Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi matenda a kukhumudwa, amene pa Chizungu amati depression. Chisoni cha tsiku limodzi aliyense amakhala nacho. Koma zikapitirira masabata awiri, tsiku ndi tsiku, zimene munkakonda osakukomeraninso, thupi lofooka, kudziona wachabechabe, amenewo ndi matenda. Anthu amene ali ndi HIV amawadwala kwambiri kuposa ena. Mbali ina ndi kachilombo komweko, kamene kamakhudzanso ubongo. Mbali yaikulu, mmene ine ndimaonera, ndi chinsinsi.

Taganizani moyo wa kuno. M'chipinda chimodzi mumagona anthu atatu, mapiritsi munawathira m'kabotolo ka Panado kuti anzanu asadziwe, ndipo mumamwera kubafa. Kwa abwana mumanama kuti mukupita ku Home Affairs pamene mukupita kukiliniki. Kumudzi amangodziwa kuti muli ku Joni, ndiye mwezi ukatha uthenga ndi wa fizi, feteleza ndi malata. Wokufunsani kuti mwadzuka bwanji n'kudikira yankho lenileni palibe. Munthu angasenze zimenezi zaka zingati?

Choopsa chake, matendawa amadya mphamvu yomwera ma ARV. Munthu amayamba kudumphitsa, tsiku la kukiliniki n'kulizemba. Amuna ambiri amathawira ku mowa, ena amati ndi ufiti wa anthu ansanje kumudzi.

Tsiku lokatenga mankhwala, musangoti "ndili bwino". Pamzere anthu amakhala ambiri, nesi amangoyang'ana kadi ndi zotsatira za magazi, sangalote. Muuzeni mosabisa: sindikugona, sindikudya, ndimalira ndekha, zinayamba mwezi wakuti. Ngati mumatengera mankhwala kufamase kudzera mu CCMDD, ndondomeko ya boma yotengera mankhwala kunja kwa kiliniki, kumeneko sakufunsani kanthu, pitani kukiliniki kwenikweni. Chithandizo chilipo: uphungu, ndipo pakafunika mankhwala monga fluoxetine, amene amatha kumwedwa limodzi ndi ma ARV. Amatenga masabata angapo kuti muyambe kumva kusintha, musafulumire kuwataya. Pemphaninso kuti akuyezeni magazi, poti kuchepa kwa magazi nako kumafooketsa. Za mankhwala azitsamba otchedwa St John's wort, amene amagulitsidwa m'mafamase, musawayandikire, amachepetsa mphamvu ya ma ARV.

Kupemphera pitirizani, sikulimbana ndi chipatala. Amene anakuuzani za chikhulupiriro chochepa aja sanganene zomwezo kwa wodwala shuga.

Ndikudziwa kuti kwa ife alendo pageti la kiliniki nthawi zina pamakhala zokhoma. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, silinati nzika zokha. Akakubwezani, yesani kiliniki ina, ndipo kadi lanu lizikhala m'chikwama.

Ngati maganizo odzipha akubwera, musadikire tsiku la pakadi. Imbani ku SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, pa 0800 567 567, usana kapena usiku, kapena pitani kuchipatala chapafupi lero lomwe ndi munthu mmodzi amene mumamukhulupirira.